Mafunso a Munthu Wamba kwa Ophunzitsa za Mulungu ndi Mitengo

Ku yunivesite ya Yale, m'dziko la America, wophunzira akhoza kukhala m'kalasi ndi ofuna ubusa mmawa, masana nkukakhala ndi oyeza mitengo ndi madzi a m'mitsinje. Pomaliza amatuluka ndi madigiri awiri, ya zachipembedzo ndi ya zachilengedwe. Ku yunivesite ya Florida nako a Bron Taylor ndi anzawo anatsegula maphunziro a ukachenjede olumikiza ziwirizi cha mu 2003, ndipo lero makalasi otere ali m'mayunivesite ambiri, ena mpaka pa intaneti. Zimenezi zimandikondweretsa, koma zimandizunguzanso mutu. Ndine munthu wamba, tsono ndingofunsa poyera, poti safunsa anadya phula.

Kodi chinavuta nchiyani kuti Mulungu ndi mitengo azichita kulumikizidwa ndi pulofesa?

Ophunzitsa maphunzirowa amakonda kuyambira pa munthu mmodzi amene sanali mbusa kapena mlangizi wa zankhalango. A Lynn White anali katswiri wa mbiri yakale ya ku Ulaya, wofufuza za mapulawo ndi mphero zoyendera madzi. Mu 1967 analemba nkhani ya masamba asanu okha m'magazini ya Science, nkuloza chala Chikhristu cha kumadzulo. Iwo anati kalelo munthu asanagwetse mtengo kapena kutseka kasupe, ankayamba wapepesa mzimu wa pamalopo. Chikhristu chitafika chinati m'mitengomo mulibe mzimu uliwonse, chinaphunzitsanso kuchokera m'buku la Genesis kuti munthu anapatsidwa ulamuliro pa zolengedwa zonse, ndipo kuyambira pamenepo nkhwangwa inasiya kuchita manyazi. Eni akewo anali munthu wopemphera, mwana wa mbusa, ndipo mankhwala amene anapereka anali a m'tchalitchi momwemo: Akhristu atengere chitsanzo cha Francis Woyera wa ku Assisi, amene ankaona mbalame ndi zilombo ngati abale ake. Mu 1979 Papa John Paul II anasankhadi Francis kukhala nkhoswe ya osamalira chilengedwe.

Koma buku la Genesis lomwelo a ku Ethiopia akhala nalo kuyambira kalekale. Dziko lawo linalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300, Angelezi asanabatizidwe nkomwe. Kumpoto kwa dzikolo nkhalango zachilengedwe zambiri zimene zatsala ndi zozungulira matchalitchi, ndipo timisitu totere tilipo pafupifupi 35,000. Vesi ndi limodzi. Kwina mitengo inatha, kwina inatsala pakhomo pa tchalitchi penipeni. Nanga wolakwa ndi vesi, kapena ndi amene anali ndi makina ochekera matabwa ndi sitima zonyamulira? A White anadzitchinjiriza ponena kuti mlandu ndi wa akumadzulo, osati Akhristu akum'mawa. Chabwino. Koma ngati mawu amodzi amabala zosiyana malinga ndi manja amene awagwira, woyenera kufufuzidwa ndani, mawuwo kapena mwini manja?

Pakati pa 1996 ndi 1998, a Mary Evelyn Tucker ndi amuna awo a John Grim anaitanitsa misonkhano khumi ku Harvard, uliwonse wa chipembedzo chake: Chibuda, Chihindu, Chisilamu, Chiyuda, Chikhristu, za makolo a mitundu yosiyanasiyana ndi zina. Akatswiri mazanamazana anafukula m'mabuku opatulika, ndipo pamisonkhanopo panatuluka mabuku akuluakulu amene mpaka lero ndiwo nsanamira za maphunzirowa. Chondidabwitsa nchakuti palibe chipembedzo chimene chinalephera mayeso. Aliyense anabwerako ndi ndime yake yokonda mtengo, mtsinje kapena nyama.

Ndiye mitengo anadula ndani? Pa dziko lonse anthu ochuluka zedi ali ndi chipembedzo. Kuno kwathu kalembera wa 2018 anapeza kuti osapembedza kulikonse ndi anthu 2 okha mwa 100 alionse. Kodi awiri amenewa ndi amene anameta phiri la Ndirande mpala, nkupita ku Soche, nkuyambanso Michiru? Ayenera kuti ndi anthu amphamvu zedi, ndipo sagona.

Ndisawanamizire aphunzitsiwa, funsoli ena mwa iwo analifunsa kale. Patangotha chaka nkhani ya a White itatuluka, a Yi-Fu Tuan, katswiri wa za malo wobadwira ku China, anakumbutsa anzawo kuti dziko la China linali ndi ziphunzitso zokoma za kukhala mwamtendere ndi mapiri ndi madzi, koma nkhalango zake zinatha ndithu. Mitengo ina inathera kumanga akachisi, ina inaotchedwa kuti apeze mwaye wopangira inki, mwinanso inki yomweyo nkulembera ndakatulo zotamanda mapiri. A David Haberman a ku yunivesite ya Indiana analemba buku lonse lonena za mtsinje wa Yamuna ku India, umene anthu amaupembedza ngati mulungu wamkazi pomwe zonyansa za mzinda wa Delhi zikuthiridwa momwemo mpaka madzi kuchita thovu. Wopembedza wina amaona uvewo nkulira kuti amayi athu akudwala. Wina amati amayi oyera chotere palibe chingawadetse, nkutayamo zina. Onse awiri ndi okhulupirira, onse awiri amasamba m'madzi amodzi. Mu 2016 a Taylor a ku Florida aja ndi anzawo awiri anasanthula zolemba za kafukufuku zoposa 700 pofuna kuona ngati zipembedzo zikusinthadi kukhala zosamala chilengedwe, ndipo umboni umene anapeza unali wochepa kusiyana ndi mmene ambiri ankayembekezera. Munthu wofufuza mpaka kutulutsa zotsutsa phunziro limene amadyerapo, ameneyo ndimamuvulira chipewa.

Komabe nkhani zimene ophunzira amazikonda ndi zija zoti chipembedzo chinaimitsadi nkhwangwa. Mu 1730, pamudzi wa Khejarli pafupi ndi Jodhpur ku India, anthu a chipembedzo cha Bishnoi okwana 363 anaphedwa atakumbatira mitengo imene antchito a mfumu anabwera kudzadula. Woyamba kufa anali mayi, Amrita Devi. Ku Thailand, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, amonke a Chibuda anayamba kuveka mitengo ikuluikulu nsalu yachikasu ija amavala iwo eni, ndi mapemphero ofanana ndi odzozera mmonke. Malamulo awo salola kuti mtengo ukhale mmonke, ndipo amonkewo amadziwa zimenezo. Koma wodula mitengo akafika nkupeza mtengo wavala mkanjo, manja amalema, chifukwa kupweteka mmonke ndi tchimo lodzetsa tsoka lalikulu.

Ndiye chagwira dzanja la munthu uyu nchiyani? Ndi chikondi cha pa chilengedwe chimene amaphunzitsa m'kalasi muja, kapena ndi mantha?

Funso limeneli silifuna tikiti ya ndege. Aliyense amene anayendapo msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Kasungu kapena ku Mchinji amadziwa kuti akaona kamsitu ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda yoyera mbee, pamenepo ndi pamanda. Mayi amene amayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni amadutsa pomwepo, nthambi zouma zili mbwee pansi, osatola ndi imodzi yomwe. Mukamufunsa sanena za mpweya wabwino kapena kukokoloka kwa nthaka. Amati kumanda salowako wamba, kuli eni ake, kulinso dambwe, ndipo amfumu akamva pali nkhuku kapena mbuzi yolipa. Koma mwamuna wa mayi yemweyo, amene kumanda sangathyoleko ngakhale mswachi, mawa lake ali kuphiri kuotcha makala, ndipo mumtima mwake sakuona kuti wasintha khalidwe. Kwa iye malo ena ndi oopsa, ena ndi a aliyense. Mabuku ena amati zipembedzo za makolo zimaona chilengedwe chonse kukhala chopatulika. Chonse? Nanga bwanji kupatulikako kumathera pamzere weniweni pamene pathera manda, mzere woyamba wa chimanga nkuyambira pomwepo?

Nkhalango ya Dzalanyama ndiyo imandisowetsa chonena. M'mapiri amenewo ndi mmene muli Kaphirintiwa, pamene makolo a Achewa amati Chauta anatsitsira anthu oyamba pamodzi ndi nyama, mapazi awo nkudindika pathanthwe lisanalimbe. Ngati pali malo oyenera kuopedwa, ndi amenewo. Mmenemonso ndi mochokera mtsinje wa Lilongwe umene mzinda wonse umamwa. Koma mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali kuti akathamangitse ootcha makala. Pamene anaponda munthu woyamba pafunika mfuti, pamene agona agogo omwalira dzana pakwanira mbuzi ya amfumu. Kodi m'kalasi amazifotokoza bwanji zimenezi? Ine ndimaona ngati manda ali ndi mwini wodziwika dzina, wokhala pafupi, woti mawa mukumana naye pamaliro, pomwe Dzalanyama analembedwa kukhala wa boma kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo wa boma ndi wa aliyense wofika msanga. Makala ake nawo amakathera m'tauni, pambaula za anthu opemphera ndithu, poti mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Ngakhale ku Ethiopia kuja, a Alemayehu Wassie, katswiri wa zankhalango amene wagwira ntchito ndi ansembe kwa zaka zambiri, anaona kuti kupatulika kokha sikuletsa ziweto kudya timitengo tongomera kumene, kapena pulawo kudya malire pang'onopang'ono. Iwo ndi ansembewo akumanga mipanda ya miyala. Ng'ombe sidziwa malo oyera.

Zathuzi si zachilendo kwa ophunzirawo. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene anatumikira ku Chigwa cha Shire nkudzaphunzitsa ku Chancellor College, anatha zaka zambiri akufufuza za Mbona ndi msitu wa Khulubvi ku Nsanje, kumene mlendo amalowa atavala nsalu yakuda ndipo mtengo sudulidwa. M'buku limene anasonkhanitsa mu 1979, Guardians of the Land, anaonetsa kuti akachisi a mvula a m'chigawo chino cha Africa ankalamula zinthu zenizeni za kumunda ndi kutchire, monga nthawi ya uzimba ndi malo osakhudzidwa. Analembanso kuti kutentha tchire kunali mwambo wa chipembedzo, woyambidwa pa nthawi yake ndi oyenera kuuyamba. Apa ndiye ndifunsenso: moto womwewo lero mlangizi wa zankhalango amaumangira munthu, ndiye m'kalasi amauika mbali iti, ya nzeru za makolo kapena ya kuwononga? A Isabel Apawo Phiri, amenenso anaphunzitsa ku Zomba komweko, analemba za Makewana ndi chipembedzo cha Chisumphi m'buku la 1996 lotchedwa Women Healing Earth, limene anasonkhanitsa a Rosemary Radford Ruether ndipo limawerengedwa m'makalasi otere kunja. Ndiye kuti mtsikana wa ku California akhoza kudziwa za kachisi wa Makewana ku Msinja kuposa mtsikana wa ku Area 25. Zimenezo sindidandaula nazo kwenikweni, buku ndi la wowerenga.

Chondizunguza ndi ichi. Amene anatiuza kuti kuthira nsembe patsinde pa mtengo ndi kupembedza ziwanda anachokera komwe kukuchokera maphunzirowa. Kwawonso anayamba ndi nkhwangwa: cha mu 723 Boniface, mmishonale wa ku England, anagwetsa mtengo waukulu umene anthu a ku Germany ankapembedzerapo, matabwa ake nkumangira katchalitchi. Kuno amishoni analimbana ndi gule wamkulu kwa zaka zambiri, ku Mua mkangano mpaka kufika ku boma m'zaka za m'ma 1920. Ambiri mwa agogo athu anamvera, anasiya, anabatizidwa. Lero zidzukulu za amishoni aja zikulemba mayeso pa nzeru za anthu osadula mitengo ya mizimu. Kodi tsopano tibwerere? Ndipo munthu amabwerera bwanji ku mantha amene anamuchotsa ndi ulaliki wa zaka zoposa 100?

Tiyeni tiwoloke tipite ku chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 chilumbachi chimatsekedwa nyengo ya dzinja, asodzi onse nkuchokako, mpaka mwambo wotsegulira utachitika cha mu Epulo. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba, juga, ngakhalenso akazi, ndipo wophwanya amathamangitsidwa. Utaka wa ku Mbenje ngotchuka, moti akatswiri a ku yunivesite ya Mzuzu ndi ya Strathclyde ku Scotland akhala akufufuza chifukwa chake malamulo a mfumu agwira ntchito pamene a boma amavuta kutsata.

Wophunzira wathu wa madigiri awiri uja akafika pamenepa adzalemba kuti mwambowu ndi njira yanzeru yopatsa nsomba mpata woswana. Adzakhoza bwino. Koma taganizani atakwera boti nkukawauza asodziwo kuti: abale anga, za mizimu ya pachilumbazi ndi chophimba chabe, nkhani yeniyeni ndi mazira a utaka. Msodzi wochenjera adzayankha kuti ngati ndi choncho, ine ndekha nditaponya chilimira usiku umodzi utaka wa nyanja yonse sungathe. Ndipo adzakhala akunena zoona. Mzimu umamuona munthu mmodzi usiku, koma chiwerengero cha nsomba sichiona munthu. Zili ngati chidole choopsezera mbalame m'munda wa mapira: chimagwira ntchito mpaka tsiku limene wina wakhala pansi nkuzifotokozera mbalamezo kuti awa ndi malaya akale ndi udzu.

M'madipatimenti ambiri a zachipembedzo mphunzitsi sanena ngati Mbona alikodi kapena ayi. Ntchito yake ndi kufotokoza zimene anthu amakhulupirira ndi zimene chikhulupirirocho chimachita. Ndiye wophunzira amatuluka akudziwa ubwino wa mantha, iye mwini alibe mantha. Kodi munthu angagawire ena chimene alibe? Ndipo poti kwawo ndi ku America, kumene munthu mmodzi amatulutsa pafupifupi matani 14 a mpweya wotenthetsa dziko pachaka pomwe Mmalawi safika ndi kota ya tani yomwe, ndi nkhalango iti, ndi chitsime cha mafuta chiti chimene iye adzachiope ngati kumanda?

Palinso za akazi aja oletsedwa ku Mbenje. Kodi zimenezo zimalowa m'phunziro, kapena amatola za kutseka nyanja nkusiya zinazo pambali? Ngati amasankha, ndipo ndikhulupirira ayenera kusankha, muyeso wosankhira amautenga kuti? Ngati muyesowo ndi sayansi ndi ufulu wa anthu, ndiye kuti chipembedzo chaitanidwa kudzavomera zimene zagamulidwa kale kwina. Mwina palibe cholakwika pamenepo. Koma mizimu imene imamveredwa pokhapokha ikagwirizana ndi lipoti la akatswiri, kodi ikadali mizimu kapena yalembedwa ganyu?

Pali nkhani ziwiri zimene zimandiletsa kutaya maphunzirowa kunkhongo. Pa kachilumba ka Misali, pafupi ndi Pemba ku Tanzania, asodzi ankaphulitsa mabomba m'madzi, boma kuletsa osamva. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 a Fazlun Khalid ndi bungwe lawo la Chisilamu loona zachilengedwe anakhala pansi ndi mashehe ndi aphunzitsi a madrasa, nkuwerenga nawo Korani pa za udindo wa munthu monga msungi wa zolengedwa za Allah. Uthengawo utamveka mumzikiti, kuchokera pakamwa pa shehe wawo, kuphulitsa kunachepa kwambiri. Ku Masvingo ku Zimbabwe, nkhondo ya ufulu itatha, a Marthinus Daneel, amene pambuyo pake anaphunzitsa ku yunivesite ya Boston, anagwira ntchito ndi mafumu, obwebweta mizimu ndi mipingo ya Ziyoni ndi ya Apositoli. M'mipingomo munabadwa mgonero wachilendo. Munthu asanalandire mkate ankaulula poyera kuti anadula mitengo osabzala ina, kuti analima m'mphepete mwa mtsinje, kenaka ankapita kutsogolo atanyamula mbande, nkukaibzala mapemphero atatha. Gulu lonselo linabzala mitengo mamiliyoni angapo.

M'nkhani ziwirizi munthu wophunzira alimo, koma sanapite kukafotokozera anthu mmene chikhulupiriro chawo chimagwirira ntchito. Anapita kwa amene anthu amawamvera kale, ndipo tchimo latsopano linalowa m'ndandanda wa machimo akale. Kodi ndiye kuti mantha akhoza kusamutsidwa, kuchoka kumanda kupita kuphiri, bola wosamutsayo akhale wa m'nyumba momwemo, wokhulupirira zimene akunena? Ngati ndi choncho, kalasi yofunika kwambiri si ya ku Yale ayi, koma ya amene mawa adzaime paguwa la kumudzi.

Akuluakulu a mipingo ananena kale zawo. Mu 1997 Patriarch Bartholomew wa mpingo wa Orthodox ananena ku California kuti kuwononga chilengedwe ndi tchimo. Mu 2015 Papa Francis analemba kalata yonse ya Laudato Si', ndipo chaka chomwecho atsogoleri a Chisilamu anatulutsa chikalata chawo ku Istanbul. Kumwambako mawu alipo okwanira. Funso langa lili pansi pano, pabwalo la akulu a mpingo Loweruka masana. Tonse tinamvapo za anthu oimitsidwa kudya mgonero chifukwa cha mowa, mitala, mimba yapathengo kapena kuvina gule. Nanga wogwetsa mkuyu wa pamtsinje amaitanidwa liti? Ngati ndi tchimo, bwanji lilibe mlandu?

Ndipo mlanduwo angauyambe ndani? Matchalitchi ndi mizikiti yambiri ya m'midzi mwathu inamangidwa ndi njerwa zootcha. Ntchito amagawana bwinobwino: amayi kutunga madzi, achinyamata kuumba, abambo kukagwetsa mitengo ya uvuni, ikuluikulu, chifukwa tinthambi sitipsetsa njerwa. Nthawi zina abusa amadzapempherera uvuniwo usanayatsidwe. Wophunzira zaubusa wa ku Zomba, wa ku Nkhoma kapena wa ku Kachebere amene wawerenga a White, a Phiri ndi Papa Francis, akatumizidwa ku mpingo wake woyamba nkupeza komiti ya zomangamanga yasonkha kale ndalama ya thirakitala yokatuta mitengoyo, Lamulungu limenelo alalikire chiyani? Ndipo akaletsa, njerwa za simenti agule ndani?